Za Nsengwa ya m'Makapisozi ndi Liwu Lakuti "Achilengedwe"

Mkazi akaima, Achewa amati ali ndi pakati. Tsiku lake likafika amati matenda ayamba. Ndipo mwana akabadwa, uthenga umene umapita kwa abale ndi wakuti uje wachira. Mawu atatu amenewa aonetsa kuti akale sadayese uchembere chinthu chopepuka ayi, koma adauona monga mtsinje wodzala umene munthu akhoza kuoloka kapena kukokoloka nawo. Chotero nzosadabwitsa kuti mitundu ya anthu ponseponse ili ndi mankhwala ake a nthawi yobereka. Chachilendo m'masiku ano ndi dzina limene mankhwala ena apatsidwa. M'mabuku ndi m'timapepala tochokera ku America awatcha natural, liwu limene omasulira alitembenuza kuti "achilengedwe," ndipo liwuli likangotchulidwa, wowerenga ayembekezeka kukhulupirira kuti mankhwalawo ndi akale, ndi ofatsa, ndiponso kuti sangapweteke munthu. Palibe pamene liwuli lasenzetsedwa katundu wolemera koposa pa nkhani ya kumwa nsengwa.

Nsengwa, imene ena amaitcha nsapo, ndi chiwalo chija chimamera m'chiberekero pamodzi ndi mwana, chimene chimamdyetsa kudzera mumchombo, ndi kutuluka mwanayo atabadwa kale. Kulemera kwake ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Ku America kuli anthu amene ntchito yawo ndi kukatenga nsengwa kumene mayi wachirira, kuitsuka, kuifutsa pa nthunzi, kuidula tizidutswa topyapyala, kuiumitsa m'makina, kuipera, ndi kuthira ufa wake m'makapisozi. Ena amaikako jinja ndi mandimu poifutsa, ena saifutsa konse. Nsengwa imodzi itulutsa makapisozi 100 kapena kufika 200, ndipo mayiyo alipira madola 200 kapena kuposerapo kuti ambwezere chimene chidali chake kale. Amuuza kuti akamamwa makapisoziwo mkaka udzachuluka, magazi adzabwerera, kutopa kudzatha, ndiponso sadzagwidwa ndi matenda aja a maganizo amene amafooketsa amayi ena atachira, mpaka kuwaiwalitsa chakudya ndi kuwadanitsa ndi khanda lawo lomwe.

Mchitidwewu udayamba kumveka m'zaka za m'ma 1970 pakati pa Azungu a ku America amene adatopa ndi zipatala nafuna kumaberekera kunyumba. Udakula kwambiri pamene Jodi Selander wa ku Las Vegas adayamba, m'chaka cha 2006, kuufalitsa ndi kuphunzitsa ena kakonzedwe ka makapisozi. Ndipo mu 2012 January Jones, mkazi wotchuka pa zithunzi za kanema, ataulula kuti iyenso adamwa ake, nkhaniyo idafala ngati moto wolusa kutchire.

Olemba timapepala tolimbikitsa mchitidwewu amayamba ndi nyama, nati nyama zonse zimatero. Apa sanama kwenikweni. Aliyense woweta mbuzi kapena ng'ombe adazionapo, ndipo nyama zambiri zoyamwitsa za pamtunda zimadyadi nsengwa yake, ngakhale ngamila satero. Mark Kristal wa ku Buffalo adapeza mwa makoswe kuti kudya nsengwa kumachepetsa ululu. Komatu mbuzi imadya nsengwa yaiwisi nthawi yomweyo, siiyanika ndi kumaimwa pang'onopang'ono milungu itatu. Ndiponso mbuzi ichita zinthu zina zambiri zimene munthu sadaganizepo kutsanzira.

Mfundo imene olembawo amaikapo mtima wonse ndi yakuti kumwa nsengwa ndi mwambo wakalekale wa mitundu ya anthu, umene Azungu okha adautaya chifukwa cha chitukuko. Mfundo imeneyi idayesedwa mu 2010 ndi Sharon Young ndi Daniel Benyshek a pa yunivesite ya Nevada ku Las Vegas. Iwowa adafufuza m'nkhokwe ya zolembedwa za miyambo ya anthu imene isungidwa ku Yale, nawerenga za mitundu 179, ndipo sadapeze mtundu ndi umodzi womwe umene mwambo wake udali wakuti mayi adye nsengwa yake. Chimene adapeza nchakuti mitundu yambiri imailemekeza kapena kuiopa, ndi kuti njira yofala koposa zonse ndiyo kuikwirira pansi.

Ntchito ya anthu awiriwa ndi yoyamikika, pakuti adafunsa funso limene ena onse adalilumpha. Koma wowerenga wa kuno, wodziwa chikuta, aona msanga pamene iperewera. Zolembedwa zimene adawerengazo zambiri zidalembedwa ndi alendo, ndipo ambiri a alendowo adali amuna. Tsono pakati pa Achewa mwamuna, ngakhale mwini mimba yemwe, sankalowa m'nyumba imene mkazi achiriramo. Zochitika m'menemo zidali za ntchembere zokha, ndipo ntchembere sizikamba za m'chikuta pabwalo. Mmishonale kapena mlendo wophunzira miyambo akafunsa, adalandira zimene eni ake adafuna kumpatsa. Chotero kusapezeka kwa chinthu m'mabuku a alendo si umboni wathunthu wakuti sichidachitikepo kwina kulikonse. Ngakhale zili tero, chofooka chimenechi sichithandiza ogulitsa makapisozi. Iwo ndiwo adanena kuti mwambowo udali ponseponse, ndipo wonena ndiye ayenera kuloza mudzi umene udaliko. Mitundu 179 ikakhala chete pa chinthu chimodzi, pamene ilongosola mwatsatanetsatane malo okwirira, munthu wokwirira ndi zifukwa zake, kukhala cheteko kuli ndi kulemera kwake.

Mudzi umene amaloza kawirikawiri ndi China. Nzoona kuti Li Shizhen, m'buku lake lalikulu la mankhwala lotchedwa Bencao Gangmu, limene lidasindikizidwa mu 1596, adalembamo za nsengwa youmitsa ya munthu. Koma asing'anga a kumeneko ankaipereka kwa odwala osiyanasiyana, amuna ndi akazi omwe, ofooka, owonda kapena osabereka. Siudali mwambo wakuti mayi aliyense wochira amwe yakeyake. Ndiponso timapepala tija sititchula kuti mu 2015 dziko la China lidachotsa nsengwa m'buku la boma la mankhwala ovomerezeka. Kwa Amaori a ku New Zealand liwu limodzi, whenua, litanthauza nsengwa ndiponso dziko, pakuti amaibwezera m'nthaka ya makolo a mwanayo. Ntchembere za Chichewa nazo zinkaikwirira mobisa, kuopa kuti anthu oipa mtima angachite nayo zawo. Kulemekeza chinthu ndi kwina, kuchidya nkwinanso. Olemba a ku America adaphatikiza ziwirizi, natcha chatsopano chawo ndi dzina la chakale cha eni ake.

Kwatsala kufunsa ngati makapisoziwo achitadi ntchito, pakuti chinthu chikhoza kukhala chatsopano koma chothandiza. Mu 2013 kudatuluka kafukufuku wa amayi 189 amene adadyapo nsengwa, ndipo ochuluka adati adapeza bwino. Koma amayiwo adadzipereka okha kuyankha, adali okhulupirira kale, ndipo dzina loyamba pa olemba lidali la Selander mwini. Kuyesa kwenikweni kudachitika pambuyo pake pa yunivesite yomwe ija ya Nevada, kumene amayi ena adapatsidwa makapisozi a nsengwa yawo, ena makapisozi ofanana maonekedwe koma opanda nsengwa, popanda mayi kudziwa amene walandira. Zotsatira za 2017, za amayi 23, zidaonetsa kuti ayironi wa m'magazi sadasiyane pakati pa magulu awiriwo, ndi kuti makapisozi a tsiku limodzi apereka pafupifupi gawo limodzi lokha la magawo anayi a ayironi amene mayi woyamwitsa afunika. Za 2018, za amayi 27, sizidapeze kusiyana koonekeratu pa kutopa kapena pa maganizo. Amayiwa ndi ochepa ndithu, ndipo ofufuzawo adavomera okha. Koma pa zimene zidalonjezedwa m'timapepala, palibe chimene chidaoneka.

Chimene chidaoneka ndi china. Mu September 2016, m'chigawo cha Oregon, khanda lina lidadwala litangobadwa chifukwa cha tizilombo totchedwa group B Streptococcus. Lidalandira mankhwala masiku 11 nilichira, koma patapita masiku asanu lidabweranso kuchipatala ndi matenda omwewo. Madokotala pofunsitsa adamva kuti mayi wake amamwa makapisozi a nsengwa awiriawiri katatu pa tsiku. Atapima makapisoziwo adapezamo tizilombo tosasiyana ndi tija tidali m'magazi a mwana. Okonza makapisoziwo ankaumitsa nsengwa pa madigiri a pakati pa 46 ndi 71, ndipo kutentha kwa m'munsiko sikukwanira kupha tizilombo. Bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, lidalengeza nkhaniyi mu June 2017, nilinena kuti ngakhale njira zina zopatsirana sizikadakanidwa kotheratu, amayi ayenera kupewa makapisozi otere. Choopsa china sichilembedwa m'malipoti: mayi wotaya magazi ambiri, kapena wogwidwa ndi matenda a maganizo, amene achedwa kupita kwa dokotala chifukwa ali ndi botolo la makapisozi pambali pa mphasa.

Apa mpamene wophunzira chinenero ayenera kuima ndi kuyang'anitsitsa liwu lija. Chichewa cha akale chidalibe "mankhwala achilengedwe." Chidali ndi mankhwala basi, ndipo liwu limodzi lomwelo litchula chochiritsa, chophera nsomba m'dziwe, chophera makoswe, ndi chimene mfiti ithira m'mowa. Wina anganene kuti kumeneku nkusauka kwa chinenero. Koma kunena zoona liwu lakalelo ndi loona mtima koposa latsopanoli, pakuti likumbutsa womwa kuti chimene chili ndi mphamvu yochiritsa chili nayonso yopha. Womasulira akawonjezapo "achilengedwe," wachotsa chenjezo limene lidali m'kati mwa liwulo, ndipo ana a sukulu akaliwerenga m'buku la zaumoyo adzayesa kuti za m'thengo zonse nzofatsa.

Kuti si zofatsa, azamba a m'zipatala za m'Malawi adziwa bwino chifukwa cha mwanamphepo. Dzinali litchula zomera zingapo zoyanga za mtundu wa mpesa wa kuthengo, zimene amayi ena amamwetsedwa kuti matenda afulumire. Vuto la mwanamphepo si lakuti sachita kanthu ayi. Vuto lake nlakuti palibe wodziwa muyeso: muzu wa chilimwe ndi wa dzinja, wa kudambo ndi wa kumtunda, yonse ithiridwa m'chikho chimodzimodzi. Ndipo chiberekero chikakakamizidwa kukankha mwamphamvu njira isanatseguke, kapena mwana atagona mopingasa, mwanayo amabanika, ndipo chiberekero chomwe chikhoza kung'ambika.

Azungu nawo adali ndi mwanamphepo wawo, ndipo mbiri yake iphunzitsa zambiri koposa timapepala tonse ta makapisozi. Pa ngala za mbewu yotchedwa rye pamamera chuku chakuda cholimba chotchedwa ergot, chimene azamba a ku Ulaya ankapatsa amayi kuyambira kale kuti afulumize kubereka. Mu 1808 dokotala John Stearns wa ku New York adachitamanda m'kalata yosindikizidwa, ndipo madokotala anzake adachilandira ndi manja awiri. Zaka 20 zisanathe, David Hosack wa mumzinda wa New York, poona kuchuluka kwa ana obadwa akufa, adati ufawo uyenera kutchedwa ufa wa imfa, nalangiza kuti uziperekedwa poletsa kutaya magazi kokha. Mu 1935 Harold Dudley ndi Chassar Moir a ku London adapatula m'chukumo mankhwala otchedwa ergometrine, amene adatheka kuyezedwa bwino, ndipo atayamba kuperekedwa mwana atabadwa kale, adapulumutsa amayi ochuluka ku imfa ya kutaya magazi. Chukucho chidali chachilengedwe pamene chinkapha, ndipo chidachokera ku chilengedwe chomwecho pamene chinkapulumutsa. Chidasintha ndi muyeso ndi nthawi yoperekera. Wolemba wofuna kulemekeza nzeru za akale akadachita bwino kupempha kuti mwanamphepo ayesedwe motero, m'malo momutamanda kapena kumunyoza chabe.

Sikuti zonse zimene amayi a ku America afunafuna nzopanda pake. Ambiri a iwo amatuluka m'chipatala patapita tsiku limodzi kapena awiri, nabwerera m'nyumba mopanda mayi, mopanda apongozi, mopanda wowatungira madzi. Ndipo munthu wobwera ndi botolo la makapisozi nthawi zina ndiye yekha amene afunsa kuti mwagona bwanji. Chikuta chidali ndi zolakwa zake, makamaka zinthu zosayera zimene ena ankapaka pamchombo wa khanda, koma chidapatsa mayi masiku opuma kufikira mchombo utagwa, phala lotentha, madzi ofunda osamba, ndi akazi anzake omuyang'anira usana ndi usiku. Pa zonse zotchedwa zachilengedwe, izi ndizo zosakayikitsa, ndipo ndizo zimene timapepala tija sititchula kawirikawiri, kapena chifukwa sizilowa m'botolo.

Nsengwa yokhayo ili ndi ntchito imodzi yotsimikizika itatuluka, ndipo mzamba aliyense wophunzitsidwa aidziwa. Amaiyala pa mbale, nayang'ana mbali ya kwa mayi ngati zigawo zake zonse zilipo, nakweza zikopa zake kuona ngati zakwanira, nawerenga mitsempha itatu ya mumchombo. Pakuti kachidutswa kakang'ono kakatsalira m'chiberekero, chiberekerocho sichifinyika bwino, magazi sasiya, ndipo pakapita masiku mayi akhoza kuyamba kutentha thupi. Akaona kuti yatuluka yonse, mzamba amalemba m'kaundula, nabwerera kukagwira pamimba pa mayi kuti amve ngati chiberekero chalimba.