Ngalawa ya Mapatapata ndi Mpira wa Ana Athu

Munthu wa ku Mwanza angadabwe kumva kuti zinyalala za m'nyanja ya mchere zikumukhudza, pakuti ambiri a ife nyanjayo sitinaionepo. Komatu jumbo imene mwanyamuliramo manachesi pa msika wa pa boma, mvula ikagwa imalowa m'ngalande, kenaka mu mtsinje wa Mwanza. Mtsinjewo umatsikira ku Chikwawa kukathira mu Shire, Shire nakathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakatula katundu wake mu Indian Ocean. Tsono amisiri a ku Kenya akamatola mapulasitiki m'mphepete mwa nyanja imeneyo ndi kuwasandutsa zinthu zokongola, ifenso tili ndi mau pa ntchito yao.

Gulu la Ocean Sole la ku Nairobi limatola mapatapata otayidwa, kuwatsuka, kuwamata pamodzi, ndi kusemamo njovu, mikango ndi akamba. Nzeruyi inachokera kwa ana. Mai Julie Church anaona ana a pa chilumba cha Kiwayu akupanga zoseweretsa ndi mapatapata amene mafunde analavula. Ndaona zithunzi za nyamazi, ndipo luso lake sindingalikane: zofiira, zobiriwira ndi zachikasu zimayenda mizeremizere ngati chitenje chatsopano, ndiponso mabanja akudya chifukwa cha ntchitoyi. Chondidandaulitsa ndi chimodzi. Nyamazi azisalaza kwambiri kotero kuti uve wonse wabisika. Mlendo amagula njovu yake, nakaiika pa thebulo, mtima uli m'malo, ngati kuti nyanja yayera.

Ngalawa yotchedwa Flipflopi ndiyo yandigwira mtima koposa. Anaikhoma ndi Bambo Ali Skanda, mmisiri wa ngalawa wa ku Lamu. Mapulasitiki okwana pafupifupi matani 10 anawasungunula kukhala matabwa, ndipo kunja kwake anamatako mapatapata 30,000. M'chaka cha 2019 inayenda ndi mphepo makilomita pafupifupi 500 kuchoka ku Lamu kufika ku Zanzibar, ndipo mu 2021 inazungulira pa nyanja ya Victoria. Ngalawayi ndi ya zigambazigamba, ndipo zigambazo sizibisika. Munthu woiyang'ana amazindikira msanga kuti chigamba chilichonse chinali ku phazi la wina. Kukongola kwake kumakukoka kuti uyandikire, ukayandikira manyazi nakugwira. Pa doko lililonse eni ake ankanena poyera kuti kutola kokha sikukwanira, mapulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi aleke kupangidwa. Mmisiri wovomereza kuti luso lake lili ndi malire ndimamukhulupirira.

Kodi kwathu kuno amisiri otere kulibe? Inu makolo, tasuzumirani kuseri kwa nyumba. Mwana wanu wasonkhanitsa majumbo, wawakulunga, wawamanga ndi zingwe mwaukatswiri, mpira wachikulunga watheka. Wina wadula botolo, zitsekerero zasanduka mateyala, galimoto ikuyenda. Ena a ife timawakalipira kuti akutola zauve, chonsecho ana a ku Kiwayu anayamba chomwechi. Mpirawo ndimauika pamodzi ndi ngalawa ya ku Lamu, chifukwa nawonso subisa chimene uli, ndipo umagwira ntchito.

Koma tisanamizane. Pulasitiki saola, amangonyenyeka. M'chaka cha 2015, chomwe Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si' yodzudzula chizolowezi chathu chotaya zinthu, boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60. Opanga majumbo anathamangira ku khoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo likhale. Mai Gloria Majiga-Kamoto, amene anamenyera nkhondo lamuloli ataona mbuzi zikufa ndi majumbo m'mimba, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Iwo sanaseme kanthu, koma anapita kumene zinyalala zimachokera.

Mpira wa mwana uja ukatha masabata angapo zingwe zimaduka, majumbo nabalalika pa bwalo. Mvula yoyamba ya Novembala imawapeza pomwepo, ndipo ulendo wa ku Chikwawa umayambika.