Khutu Limodzi pa Nyimbo za Mitundu Isanu

Pepala la ndondomeko ya konsati ya ophunzira zoimba ku yunivesite limakhala lodzaza. Kwaya iyamba ndi Handel, pabwera mnyamata wa piyano, kenako gulu la jazz, kenako nyimbo yauzimu yamakono ndi kiyibodi. Chakumapeto, atsikana atamanga zitenje m'chiuno, ng'oma zilowa. Anthu amatuluka m'holo akuti ana awa amatha chilichonse. Ine ndimatuluka ndikudzifunsa ngati tamvadi nyimbo za mitundu isanu, kapena ndi nyimbo ya mtundu umodzi yomwe yangosintha zovala kasanu.

Ndimafunsa chifukwa madipatimenti a zoimba ndimawakonda, ndipo kwathu kuno ndi owerengeka. Ku Zomba kuli dipatimenti yotere ya Chancellor College, yomwe tsopano ndi University of Malawi, ndipo yakhala ikuphunzitsa zoimba kuyambira zaka za m'ma 1980. Ku Thyolo, yunivesite ya MUST imaphunzitsa African Musicology. Ndi m'malo otere mokha momwe wachinyamata angapatsidwe zaka zinayi zathunthu zophunzira kumvetsera. Ndondomeko yaitali ili bwino ndithu, koma ntchito yeniyeni ili m'khutu.

Tiyambe ndi kachunidwe. Piyano imagawa mtunda wa pakati pa doh wapansi ndi doh wapamwamba m'masitepe 12 ofanana. Valimba ya Asena a m'chigwa cha Shire, yomwe Andrew Tracey analemba za kaimbidwe kake mu 1991 atamvetsera gulu la Kambazithe Makolekole, imagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 pafupifupi ofanana. Palibe sitepe yaing'ono ngati ya pakati pa mi ndi fah. Wophunzira wathu anakulira mu tonic sol-fa, yomwe amishoni anabwera nayo ku Blantyre ndi ku Livingstonia ndipo inakhazikika m'kwaya iliyonse ya mpingo. Akamva valimba koyamba amati yaphonya. Apa ndi pomwe mayesero amayambira: kutenga sompho, kusema mipiringidzo ija pang'ono mpaka igwirizane ndi kiyibodi, kuti pa konsati ziimbire limodzi. Marimba omwe afala m'masukulu anapangidwa ku Kwanongoma College ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1960, ndipo anachunidwa dala motsatira piyano. Ndi chida chabwino, ana amachiphunzira msanga. Koma dipatimenti ikachiika pa siteji m'malo mwa valimba, yataya masitepe 7 aja, ndipo omvera sadziwa n'komwe kuti china chasowa.

Pansi pa mpiringidzo uliwonse wa valimba pamalendewera chikho chobooledwa m'mbali, ndipo pabowopo amamatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude. Mukamenya, kachikopako kamanjenjemera n'kutulutsa kaphokoso ka nzzz. Woyendetsa zokuzira mawu yemwe anazolowera bandi amakamva ngati sipika yong'ambika, n'kuyamba kupotokola timabatani kuti akachotse. Kwa mwini valimba, chida chopanda kaphokosoko n'chakufa.

Nkhani ya mawu a pakamwa ndiyo imandikhudza kwambiri. Chichewa chili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe kake: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi khutu basi. N'chifukwa chake nyimbo zambiri zakumudzi zimatsata m'mene mawu amayankhulidwira, ndipo ovomera akamathirira mawu ena pamwamba kapena pansi, onse amakwera pamodzi n'kutsika pamodzi. Malamulo a kwaya ya soprano, alto, tenor ndi bass amafuna zina: wina akakwera wina atsike, ndipo kuyenda limodzi kwa mawu ena kumawerengedwa ngati cholakwa pa mayeso. Wophunzira akatenga nyimbo ya pamtondo n'kuikonza motsata malamulo amenewa, soprano amatsala akuyankhula Chichewa pamene bass akutchula mawu omwewo mozondoka. Nyimbo imakoma, m'manja muombedwa, koma mayi uja amadandaula za apongozi ake pamtondo sakumvekanso. Liwu nalonso limasintha. Kwaya imaphunzitsa kuzungulitsa pakamwa ndi kubisa liwu la munthu mmodzi m'gulu, pamene chimtali ndi chisamba zimafuna liwu lakuthwa, lotulukira kutsogolo, loti limveke kutsidya kwa dambo. Woimba wa kwaya amaliopa liwu limenelo, amaliona ngati kukuwa.

Izi si zachilendo, ndipo ena anazidutsa kale. Ku Embangweni, m'masiku a mmishoni Donald Fraser, Angoni monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anapeka nyimbo za m'tchalitchi pa mayimbidwe a kwawo, mopolokozana, ndipo zikuimbidwabe mu Sumu za Ukristu. Zimenezi zikanayenera kukhala m'kalasi ya upeki pambali pa Bach.

Ndiyeno ng'oma. Amene anaonapo ng'oma zikukonzedwa gule asanayambe amadziwa kuti nyimbo imayambira pamoto wa udzu. Woimba amayandikiza chikopa ku lawi, n'kugogoda ndi chala, n'kumvetsera, n'kubwezeranso. Pakati pa chikopa amamatapo phula kuti liwu litsike, ndipo amawonjezera kapena kuchotsa pang'onopang'ono mpaka mpanje ndi mbalule zimvane. Gule akayamba, wa mbalule sayang'ana anzake, maso ake ali pa mapazi a wovina, ndipo amamuyankha phazi ndi phazi. Tsono ng'omazo mukaziika pamzere kumbuyo kwa siteji, ovina ali kutsogolo atapatsa oimba msana kuti ayang'ane omvera, kukambirana kuja kwaduka. Chatsala ndi kugunda kolondola, kowerengeka. Mangolongondo a Ayao nawo ali ndi chinsinsi chotero: mipiringidzo imagonekedwa pa matsinde a nthochi, anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata yosiyidwa ndi mnzake, mpaka khutu limamva nyimbo yachitatu yomwe palibe akuiimba. Munthu mmodzi wowerenga manotsi sangaitulutse.

Palinso zina zosayenera kukwera pa siteji mwachisawawa. Vimbuza ndi mankhwala a munthu wodwala, ndipo Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi mwambo wake. UNESCO inazindikira magule awiriwa mu 2005, koma chikalata chimenecho sichipatsa aliyense chilolezo. Dipatimenti yomwe imasiya zina pa ndondomeko, kapena kuitana eni ake kuti abwere okha, ndimailemekeza.

Musaganize kuti ndikuthamangitsa Handel. Messiah yake, yomwe inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ili ndi mizere yaitali yofuna mpweya wophunzitsidwa, ndipo imavulala chimodzimodzi ikaimbidwa pa kiyibodi yodziimbira yokha ng'oma, aliyense akukankha liwu ngati kolasi ya chitsitsimutso. Jazz nayo imafa woimba lipenga akaloweza solo ya wina n'kuibwereza. Mtundu uliwonse uli ndi chomwe eni ake amachitcha kuphonya, ndipo wophunzira wa chaka chachinayi ayenera kudziwa kuphonya kwa mitundu yonse isanu, uliwonse pawokha. Anthu a ku Zomba ali ndi mwayi pamenepa, pakuti bandi ya asilikali ndi beni zili pafupi. Beni, malipenga ndi mganda zinabadwa pamene anthu anaonerera perete wa asilikali a atsamunda, ena n'kutenga zikho kupanga malipenga awo. Kuimba machi ya bandi ya mkuwa kenako mganda usiku umodzi, chilichonse m'liwu lakelake, kungaphunzitse mbiri kuposa buku.

Khutu lotere limachokera kwa munthu amene ali nalo kale, ndipo nthawi zambiri munthuyo alibe digiri. Mu 1967 wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik anapeza Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a kwa Singano ku Chileka, akuimba kwela m'misewu ya Blantyre. Mu 1999 yunivesite ya UCLA ku Los Angeles inaitana Donald kuti akaphunzitse ophunzira ake, ndipo zomwe anaimba nawo zinajambulidwa. Oimba kwela salowetsa chitoliro mowongoka ngati mwana wa sukulu. Amachipendeketsa, n'kuchilowetsa kwambiri m'kamwa chakutsaya, kuti liwu likule ndi kuti athe kulipinda. Palibe manotsi osonyeza zimenezo, munthu amayenera kuima pafupi ndi kuyang'ana pakamwa. Donald anamwalira mu Januwale 2001. Oimba bangwe, kaligo ndi valimba akadalipo m'midzi, ena ulendo wa maola ochepa chabe kuchokera ku Zomba ndi ku Thyolo, ndipo ambiri a iwo ndi okalamba.