Luso la Oyeza Nyama m'Misika ya ku Phalombe

Pakati pa ntchito zoteteza chakudya cha anthu, ntchito ya alangizi a ziweto amene amayeza nyama isanagulitsidwe ndi yofunika ulemu waukulu, ngakhale kuti ogula pa misika ya Migowi ndi Chiringa saiganizira kawirikawiri. Alangiziwa, omwe ali pansi pa nthambi yoona za ziweto mu Unduna wa Zaulimi, amayamba kuona chiweto chikadali chamoyo, kenaka chikaphedwa amacheka chiwindi, mapapo ndi mtima kuti apeze zizindikiro za matenda. Chiwindi cha ng'ombe zodya m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa chimafuna diso lozolowera, popeza nyongolotsi zophwatalala zimene zimafala kudzera mu nkhono za m'madzi zimabisala m'timitsempha ta ndulu, ndipo munthu wongoyang'ana pamwamba sangazione. Pa nkhumba amafufuza minofu ndi lilime ngati muli timatuza toyera tonga njere za mpunga, tomwe munthu akatidya m'nyama yosapsa bwino timasanduka njoka za m'mimba. Nyama yabwino amaidinda chidindo, yoipa amalamula kuti itayidwe, chigamulo chomwe chimafuna kulimba mtima chifukwa mwini chiweto nthawi zambiri amakhala munthu wodziwana naye.

Malamulo akuluakulu amachokera kutali: bungwe la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa mu 1972, limakonza miyezo ya zakudya potsatira mfundo za Codex Alimentarius, zimene mabungwe a FAO ndi WHO anayambitsa mu 1963, koma pa msika wakumudzi chitetezo chenicheni chimadalira mpeni ndi maso a mlangizi.