Filimu ya 42: misozi atipatsa, nkhani ya ndalama aibisa

Ambirife Chadwick Boseman tinamudziwira mu Black Panther, koma mu 2013 anali atasewera kale ngati Jackie Robinson mufilimu ya 42, yomwe anaitsogolera Brian Helgeland. Robinson ndi uja pa 15 April 1947 anavala jezi ya Brooklyn Dodgers, patatha zaka zoposa 60 anthu akuda atatsekeredwa kunja kwa ligi yaikulu ya baseball ku America.

Pa tsankho looneka ndi maso, filimuyi yagwira ntchito. Pali malo ena pomwe Ben Chapman, manijala wa Philadelphia Phillies, akumutukwana Robinson anthu onse akumva. Iye amangokukuta mano, n'kukalowa kuseri, kuphwanya ndodo yake yosewerera pakhoma kwinaku akulira. Pamenepo Boseman amakufika pamtima osayankhula zambiri.

Vuto langa lili pa ndalama. Branch Rickey, mkulu wa Dodgers, yemwe wamusewera ndi Harrison Ford, atipatsa ngati agogo achifundo. Inde, amavomera kuti akufunanso ndalama za ochemerera akuda, koma filimuyi imathera pomwepo. Sitimva kuti Rickey anamutenga Robinson ku Kansas City Monarchs, timu ya m'ligi ya akuda, osailipira ngakhale khobidi. Sitimuona Effa Manley, mayi yemwe ankayendetsa Newark Eagles, amene analimbana ndi mchitidwewu mpaka Bill Veeck wa Cleveland anamulipira potenga Larry Doby mu 1947.

Ndiye taonani. Mu 1947 Robinson ankalandira madola 5,000, malipiro otsikitsitsa m'ligimo. Wina anganene kuti wosewera watsopano amayambira pomwepo, zoona. Koma ndi watsopano uti ankadzaza masitediyamu ngati iye? Ochemerera akuda anamutsatira ndi ndalama zawo, matimu awo n'kutsala opanda anthu. Negro National League inatha itamaliza sizoni ya 1948. Osewera ochepa analowa m'nyumba yaikulu, koma eni matimu, makochi ndi ogulitsa matikiti ambiri anatsala padzuwa.

Apa ndi pomwe 42 yatinyenga. Tsankho yalisandutsa nkhani ya anthu amwano ochepa, oti ukawachititsa manyazi basi zatha. Chikhala kuti yafunsa kuti phindu linalowa m'thumba mwa ndani, bwenzi ili filimu yolemera.

Ioneni ndithu, Boseman yekha ndi chifukwa chokwanira. Koma ikatha, kafufuzeni dzina la Effa Manley pafoni yanuyo.