Mikango ya pa Nsalu Yoyera

Ilire ng'oma! Ilire ku Kapata, ayankhe a ku Mchini. Ilire ku Navutika, adzuke a ku Magazine. Ilire mpaka phiri la Kanjala ligwedeze mutu. Lero titamanda mafumu olowa m'mudzi dzuwa litalowa, mafumu opanda munda koma odyetsa maso, ogwa m'filimu ya lero nkudzukanso m'filimu ya mawa.

Moni kwa Jeke, kholo la onse! Jeke wa chipewa chotambalala. Jeke wa pakavalo. Jeke wa dzina limodzi, nkhope zambirimbiri, amene a kumigodi anabwera naye pakamwa pobwerera kwawo ku Fort Jameson, Chipata wa lero. Moni kwa galimoto la kanema loima pabwalo la sukulu, nsalu yambatata, jenereta ili duduu, mudzi wonse khwathithi pansi. Moni kwa Django wa 1966, Franco Nero wa maso a mphamba, wokoka bokosi la maliro m'matope, m'bokosimo mulibe mtembo koma mfuti yolavula moto. Moni kwa Clint Eastwood, wa mawu owerengeka, kandudu pakona pa mlomo. Moni kwa Bud Spencer, mvuu ya m'Luangwa, chibakera chimodzi paliwombo munthu nkuiwala kwawo.

Tsono patukani, akudza mwini bwalo!

Bruce Lee! Mphezi yong'anima kopanda mtambo. Bruce Lee! Kambuku wa thupi lochepa, nthiti zowerengeka, ukali wodzaza chigwa. Wobadwira ku San Francisco mu 1940, wokulira ku Hong Kong, wolamulira ku Kapata asanapondeko. Iwe wopukuta mphuno ndi chala chachikulu. Iwe woitana mdani ndi zala, osati ndi pakamwa. Iwe wolawa magazi ako omwe, nkutembenuza diso, benchi lonse zii. Iwe amene mu 1972, m'mabwinja a Colosseum ku Rome, unazula ubweya wa pachifuwa cha Chuck Norris nkuuuzira kumphepo. Iwe amene mu Enter the Dragon unalowa m'chipinda cha magalasi, zikhadabo zachitsulo zitakulemba mizere pamimba, nkuswa galasi ndi galasi mpaka mdani anasowa pobisala. Unagona mu 1973 uli ndi zaka 32, koma maliro ako kuno sanafike. Kuno unali moyo m'mipini ya matsache yomwe anyamata ankadula pawiri nkulumikiza ndi tcheni cha njinga. Afunseni madoda a imvi aja ali pa Down Shops, ena zipsera za kunkhongo akali nazo.

Lemekezani chisakasa cha vidiyo! Chisakasa cha masaka ndi makatoni, mdima masanasana. Chisakasa cha bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo. Chisakasa cha deki yotafuna tepi pamene ndewu yafika pokoma, mwini wake nkumaibweza ndi chala anthu akukuwa. Opanda ndalama diso pakabowo, ndipo mawa lake kusukulu ndiwo ankasimba kuposa olowa.

M'menemo munatuluka Jackie Chan wa Drunken Master, 1978, nyani wa m'nthambi, womenya akudzandira, woseketsa akupweteka. M'menemo munatuluka Rambo wa 1982, Sylvester Stallone, njati yovulala, wodzisoka yekha bala la pamkono ndi singano. M'menemo munatuluka Commando wa 1985, Arnold Schwarzenegger, phiri la Mphangwe loyenda ndi miyendo, wosenza thunthu la mtengo paphewa, wa dzina lopinda malilime a Chipata yense. M'menemo munatuluka Van Damme wa Bloodsport, 1988, miyendo tang'a pamipando iwiri, wogwetsa Bolo Yeung maso atathiridwa ufa. Ndipo Bolo yemweyo mpatseni ulemu wake, ng'ona ya pachifuwa chovina, pakuti mdani wofooka sakuza ngwazi. Cynthia Rothrock, mkango waukazi, mwendo wofika pamphumi, wotseka pakamwa onyoza akazi. Mithun Chakraborty wa Disco Dancer, Amitabh Bachchan wa Sholay, oliza amayi m'chilankhulo chosamva. N!xau wa ku Namibia, wa botolo logwa kumwamba, woseketsa agogo mpaka kutsokomola.

Koma ng'oma isinthe tsopano. Azimayi, nthungululu!

Bayethe, Henry Cele! Mphaka Wakuda wa pagolo, wosiya mpira nkunyamula mkondo. Bayethe, Shaka Zulu wa 1986! Mlombwa woima wokha. Zambezi wosefukira. Diso lolasa mkondo usanaponyedwe. Liwu lotuluka pansi pa nthaka. Ena onse anali alendo ochokera kutali. Uyu analowa ngati mwini nkhani. Pakuti dziko lino ndi la Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litada masana, kuchoka ku nkhondo za Shaka yemweyo. Zidzukulu za ochoka aja zinakhala pabenchi kuombera m'manja munthu amene makolo awo anamupatsa msana! Zishango za m'kanema ndi zishango za ku Mtenguleni, zikopa zomwezo, kuponda komweko kwa ingoma pa Nc'wala. Cele anagona mu 2007, koma tsekani maso, tchulani Shaka, muone ngati ibwere nkhope ina.

Ulemu kwa inunso oonera! Inu oweruza milandu ya pansi pa mtengo wa mango: Rambo ndi Commando atakumana angagwe ndani? Inu a njinga zonyamula anthu, okangana podikira kasitomala. Inu odziwa kuti sitelingi, ngwazi ya m'filimu, safa, koma mtima uli m'mwamba mpaka bosi wamkulu atagwa. Inu oonera filimu imodzi kakhumi nkumachenjezabe ngwazi kuti mdani ali kumbuyo.

Za lero zouluka ndi kompyuta tazionanso pafoni, zilibe thukuta. Mlandu tagamula: pa nkhonya mpando ndi wa Bruce Lee, pa ufumu ndi wa Henry Cele, ena onse ndi nduna. Amene wasunga tepi m'sutikesi aitulutse, wodziwa kukonza deki abwere ndi sikuludiraiva yake, ana awa aone mikango yeniyeni.