Kompuresa ikumiza atsikana a gitala ya maskandi

Ku Umlazi, maskandi imamvedwa kwambiri m'matekisi oyenda mumsewu wa Griffiths Mxenge, pakati pa kulira kwa injini, mahutala ndi macheza a okwera. Kumahositelo ngati Glebelands imatuluka m'mafoni ndi m'timasipika ta m'manja. Ojambula nyimbo ku Durban amadziwa kuti nyimbo yawo ikalimbana ndi phokoso limeneli, n'chifukwa chake amadalira kompuresa. Ambiri akuifinya mopitirira muyezo, ndipo yomwe ikuvutika ndi gitala.

Gitala yamagetsi yoyera, yopanda distortion, ndi yovuta kuiweta. Chala chikakhudza nsambo, mawu amadumpha mwamphamvu kwa kamphindi, kenako n'kugwa msangamsanga. Distortion imadula yokha nsonga zimenezi, pomwe gitala yoyera imazisiya momwemo. Ntchito ya kompuresa ndi kuzigwira. Umaiikira malire, ndipo mawu akawadutsa imawatsitsa. Pa 4:1, mawu amene apyola malire ndi madesibelo 8 amatuluka atapyola ndi 2 okha. Ukatero umakweza zonse pamodzi, manotsi ofooka n'kumamveka ngakhale kumpando wakumbuyo kwa tekisi. Apa palibe mlandu. Oimba country a ku Nashville akhala akuponda MXR Dyna Comp kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo kulira kothetheka kumene imatulutsa kunasanduka chizindikiro chawo.

Koma maskandi ili ndi kamangidwe kake. Kaimbidwe ka ukupika, komwe John Bhengu, wodziwika kuti Phuzushukela, anakatchukitsa n'kukasamutsira pagitala yamagetsi m'zaka za m'ma 1970, kamagawa nsambo pawiri. Chala chachikulu chimamenya nsambo zokhuthala, zomwe Azulu amazitcha amadoda, amuna. Chamkombaphala chimatola zopyapyala, amantombazane, atsikana. Mbali ziwirizi zimayankhana ngati wotsogolera nyimbo ndi olandira. Mmalawi amene anamvapo Daniel Kachamba wa ku Chileka akuimba yekha sangadabwe nazo: munthu m'modzi, koma ukamamvera umayesa alipo awiri.

Kompuresa sidziwa mwamuna kapena mtsikana, imangomva amene wakuwa kwambiri. Chala chachikulu chikagunda, imatsitsa gitala yonse, ndipo mtsikana woyankha panthawiyo amamira. Ikachedwa kumasula, noti yotsatira nayo imafika itaphinjika kale. Zotsatira zake ndi zimene timamva m'nyimbo zambiri zatsopano: gitala yowala, yosalala ngati simenti, noti iliyonse yofanana msinkhu ndi inzake, kuyankhana kuja kutatha.

Pamene pamawawa kwambiri ndi pa izihlabo, kuthamanga kwa zala kotsegulira nyimbo, ng'oma ndi besi zisanalowe. Ndi pomwe woimba amaonetsa kuti iye ndi ndani komanso kuti gitala waichuna motani. Apa palibe chida china chopikisana nacho, ndiye kufinya n'kwa chiyani? Mverani chimbale cha Introducing Shiyani Ngcobo cha mu 2004. Gitala yake ndi yabokosi, inde, koma chikuonetsa zimene zikutayika: noti ina imaluma, ina imangonong'oneza, ndipo khutu limatsatira mbali iliyonse payokha. Phokoso lake n'lochepa poyerekeza ndi nyimbo za m'matekisi. Mphamvu yake siyochepa.

Mankhwala ake safuna ndalama. Kompuresa ichedwe kugwira, mamilisekondi 20 kapena 30, kuti kulumidwa kwa nsambo kuyambe kwadutsa. Ikhale pa 2:1 kapena 3:1, izichotsa madesibelo atatu kapena anayi pansonga zokha, ndipo izimasula noti ina isanafike. Makompuresa ambiri a pakompyuta amalola kuti uwabisire mawu apansi, kotero kuti amadoda asamalamulire okha nthawi yotsitsa. Pasiteji, ka Boss CS-3 kokhala ndi sustain yotsika n'kokwanira. Ndipo pa izihlabo, wojambula akhoza kungoizimitsa, n'kuiyatsa ng'oma zikalowa.