Nanga mwini wawo ndani?

Mkangano unabuka pa maliro ku Shurugwi, usiku wachiwiri, amayi a mvano atapumira kuimba. Ife amuna tinali panja pamoto. Msuweni wanga wa ku Kwekwe ananena mosaphethira kuti pa onse opanga mafilimu a mitembo yoyenda palibe woposa Lucio Fulci wa ku Italy. Ine ndinati George Romero wa ku America ndiye kholo, ndipo Fulci anangokunkha m'munda wa mnzake. Tonsefe tinakula tikuonera mafilimuwa pa matepi otopa m'makomboni a migodi, kumene agogo athu anafikira kuchokera ku Nyasaland, choncho aliyense ankadziyesa katswiri.

Mfundo ya msuweni wanga ndi yomveka. Filimu ya Fulci ya 1979, Zombi 2, imakugwira m'mimba. Mitembo yake ndi yovunda ndithu, yodzaza dothi ndi nyongolotsi, ndipo imadzuka mwaulesi ngati yosafuna. Muli malo amene mtembo umalimbana ndi shaki pansi pa nyanja, ndi ena amene diso la mayi limakokeredwa pang'onopang'ono ku kamtengo kosongoka mpaka kuboola. Amene anaona sayiwala. Koma mukamufunsa wokonda Fulci kuti nkhani yake inali yotani, amakanda m'mutu. Anthu a m'filimuyi alipo kuti adyedwe basi. Ngakhale dzina lenilenilo ndi la malonda: filimu ya Romero ya 1978, Dawn of the Dead, inatuluka ku Italy ndi dzina loti Zombi, ndipo opanga ya Fulci anaikapo nambala 2 kuti anthu aziyesa ndi mchira wake.

Romero ndiye amakusiya ndi choganiza. Mu Night of the Living Dead ya 1968, anthu ochepa adzitsekera m'nyumba ya kumunda, ndipo chowatha kwenikweni ndi kusamvana kwawo. Ben, amene anaseweredwa ndi Duane Jones, munthu wakuda, apirira usiku wonse, koma m'mawa awomberedwa ndi gulu la azungu osaka mitembo, amene sanavutike n'kufunsa ngati ali moyo. Mu Dawn of the Dead, akufa akhamukira ku chinyumba cha masitolo cha ku Monroeville, pafupi ndi Pittsburgh, chifukwa miyendo yawo ikukumbukabe kumene inkakonda kupita. Aliyense amene anaimapo pamzere pa sitolo yopanda kanthu mu 2008 amaseka mowawidwa akaona zimenezi.

Tili mkati mokokana chonchi, a malume, amene anathera unyamata wawo wonse pansi pa mgodi, anatsokomola nafunsa kuti, "Inu ana inu, anthu akufa mukunenawa, mwini wawo ndani?" Tinawayankha kuti alibe mwini, amangodzuka okha n'kumadya anthu. Iwo anapukusa mutu. "Ndiye si ndondocha zimenezo. Ndondocha siyenda yokha. Pali amene anaitenga, pali kumene imagwira ntchito."

Funso limeneli landisokonezera mndandanda wanga wonse. Kwathu amati munthu wofuna chuma amapha mnzake m'matsenga, abale n'kuika m'manda thunthu la nthochi poyesa ndi mtembo, pamene mwiniwakeyo wadulidwa lilime ndipo akupera pachigayo kapena kulima usiku popanda malipiro. Choopsa pa ndondocha si mano ake ayi. Choopsa n'chakuti munthu ali ndi manja ogwira ntchito koma alibe pakamwa podandaulira, ndipo kwawo anamulira kale. Zombi yoyambirira ya ku Haiti inalinso chimodzimodzi. Mu White Zombie ya 1932, ya Victor Halperin, Bela Lugosi ali ndi akufa amene amazungulitsa chigayo cha nzimbe. Mmodzi agweramo, anzake osaima n'komwe. Romero ndi amene anadula chingwe chimenechi. Anachotsa mwini, n'kusiya njala yokha. M'filimu yake yoyamba ija mawu oti zombi satchulidwamo.

Chifukwa chake lero ndikufuna kuikira kumbuyo filimu imene pamoto paja palibe anaitchula: The Plague of the Zombies ya 1966, ya John Gilling, yopangidwa ndi kampani ya Hammer ku England. Nkhani yake ili m'mudzi wina ku Cornwall m'chaka cha 1860. Anthu akufa motsatizana ndi nthenda yosadziwika. Dokotala wamkulu wochokera ku London afukula manda n'kupeza bokosi lopanda kanthu. Kenaka zidziwika kuti mwini malo, Hamilton, anaphunzira matsenga ku Haiti, ndipo akufawo akuwagwiritsa ntchito mu mgodi wake wa tin, akapitao ali pambuyo ndi zikoti. Mitembo ya Gilling sidya munthu. Imakankha ngolo.

Munthu wa ku Midlands safunika womumasulira chithunzi chimenechi. Golide wa ku Kwekwe, kromu wa ku Shurugwi, asibesito wa ku Zvishavane, zonsezi zinakumbidwa ndi manja ambiri ochokera kumpoto kwa Zambezi. Ena anabwera okha wapansi, ena anatengedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito, ndipo mawu oti chibalo anatsalira m'chinenero chathu. Wolemba mbiri Charles van Onselen anatcha buku lake la 1976, lonena za antchito a m'migodi ya Southern Rhodesia, dzina lomwelo, Chibaro. Kumudzi, amene sanabwerere ankatchedwa matchona. Mkazi amadikira, kenaka amakwatiwanso, ana n'kukula akumva kuti bambo anapita ku Halale. Munthu ali moyo, akugwira ntchito pansi pa nthaka, koma kwawo ali ngati womwalira. Ana awo ndife, amene kwa zaka zambiri zitupa zathu zinkatitcha alendo m'dziko limene tinabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a 2013 anatsegulako njira.

Sindikunena kuti filimu ya Gilling ndi yoyera. Ili ndi chilema chachikulu. Pamene Hamilton wavala chigoba chake n'kumachita matsenga, pambali pali anthu akuda oimba ng'oma, opanda mayina, opanda mawu. Filimuyi imafuna woonera akhulupirire kuti choipacho chinachokera kwa anthu akuda, n'kudzaipitsa mudzi wabwino wa ku England. Chimene chikuoneka chodabwitsa kwa Gilling n'chakuti azungu akuchitidwa zimene zinkachitikira anthu a m'maiko olamulidwa. Ife amene tinakula anzathu akuthawa zvigure, monga amatchulira Gule Wamkulu kuno, ndi kumatinena kuti Amalawi ndi afiti, timadziwa mtengo wa bodza limeneli. Ng'oma ndi chigoba za m'komboni sizinatsitsepo munthu mu mgodi. Zinkamuika m'manda mwaulemu akafa kutali ndi kwawo. Womutsitsa anali msonkho, chitupa ndi njala.

Romero naye anayandikira funso la a malume kamodzi. Mu Day of the Dead ya 1985, imene mbali yaikulu inajambulidwa mu mgodi wakale ku Pennsylvania, dokotala wina akuweta mtembo wotchedwa Bub, womangidwa unyolo, kuuphunzitsa kumvera kuti aziupatsa nyama. Pamenepo mwini wabweranso. Okonda mafilimu ambiri amaiika filimuyi pansi pa ziwiri zoyamba chifukwa anthu ake amangokalipirana, ndipo n'zoona kuti phokoso lake limatopetsa. Koma nkhope ya Bub ikamayesa kukumbukira ntchito ya lumo ndi foni, ndimaona munthu amene watsala pang'ono kufunsa dzina lake.

Tsono chigamulo changa ndi ichi. Wofuna kunyansidwa apite kwa Fulci. Wofuna luso ndi nkhani yomangidwa bwino apite kwa Romero, ndipo pamenepa sindinasinthe maganizo, msuweni wanga andikhululukire. Koma pa mafilimu onsewa, ya Gilling yokha ndi imene inaika mtembo, mgodi ndi mwini chuma m'chithunzi chimodzi, ngakhale inaloza chala kolakwika.

Patapita miyezi ingapo ndinawaonetsa a malume filimuyi pa foni. Anaonera mwakachetechete mpaka kumapeto, pamene mgodi ukupsa ndi onse ali m'katimo. Anandibwezera foni nati, "Wayaka ndithu. Nanga abale awo anawauza?"